Kupereka magazi: mlingo wa himogulobini ndi kusamala ayironi m'thupi

Asanakuloleni kupereka magazi, amayamba akubayani pa chala kuti ayeze himogulobini, chinthu chofiira chimene chimanyamula mpweya m'magazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi akhale ndi 12.0 g/dl kapena kuposa, bambo 13.0 g/dl. Mayiko ena amakwezako: ku Britain ndi 12.5 kwa amayi ndi 13.5 kwa abambo. Kuno kwathu, funsani ogwira ntchito a Malawi Blood Transfusion Service mlingo umene akutsata.

Njira zoyezera zofala ndi ziwiri. Ina amadonthezera magazi m'madzi abuluu a copper sulphate, ndipo dontho likamira m'masekondi 15 ndiye kuti mwakwanitsa. Likayandama, ayezenso ndi makina. Ina ndi kamakina monga HemoCue, kamene kamaonetsa nambala yeniyeni. Woyeza adikire kuti sipiriti aume, apukute dontho loyamba, ndipo asafinye chala, chifukwa kufinya kumasakaniza magazi ndi madzi a m'mnofu, nambala n'kutsika pachabe. Ngati manja azizira, atikiteni kaye.

Komano kukwanitsa mlingowu sikutanthauza kuti ayironi, amene thupi limagwiritsa ntchito popanga himogulobini, ali bwino. Paketi imodzi ya 450 ml imachoka ndi ayironi wokwana 200 mpaka 250 mg, pamene thupi limayamwa 1 kapena 2 mg yokha patsiku kuchokera m'zakudya. Pofuna kubwezeretsa magazi, thupi limatapa m'nkhokwe yake ya ayironi, ndipo himogulobini amatsika pamapeto penipeni, nkhokweyo itatha kale. Choyeza nkhokwe ndi ferritin, chinthu chosunga ayironi chimene amachiyeza m'magazi: ikatsika pansi pa 15 µg/L, nkhokweyo yauma. Chenjerani, malungo kapena matenda ena amakweza ferritin, motero kuyeza mukudwala kumanamiza. Kuti nkhokwe ya ayironi ibwerere, bambo adikire milungu 12 asanaperekenso, mayi milungu 16. Atsikana akusekondale ndi amayi amene amataya magazi ambiri kumwezi ndiwo amafunika kusamala kwambiri.

Mukabwezedwa chifukwa cha kuchepa kwa himogulobini, musataye mtima, komanso musangokhala. Pitani kuchipatala akaone chimene chikudya magazi: malungo, njoka zam'mimba, likodzo kapena zilonda zam'mimba. Kudya bwino kokha sikungathandize njokazo zikadali momwemo.

Pa zakudya, ayironi wa m'chiwindi, nyama, usipa ndi matemba amalowa m'thupi mosavuta kuposa wa m'nyemba, khobwe, bonongwe ndi chisoso. Zamasambazi muzidya ndi tomato, gwafa, lalanje kapena malambe, pakuti vitamini C amathandiza kuyamwa. Tiyi amatsekereza ayironi, choncho padutse ola limodzi kapena awiri mutadya musanamwe.

Dokotala akakupatsani ferrous sulphate, piritsi la 200 mg lili ndi ayironi pafupifupi 65 mg. Chimbudzi chimada, zimenezo si zoopsa; ena amadzimbidwa kapena kumva nseru, ndipo kumwa mutadyako pang'ono kumachepetsa vutoli. Musasiye himogulobini akangokwera, malizani miyezi imene mwauzidwa kuti nkhokwe idzaze. Mapiritsiwa muziwabisa patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa.