Mmene ndinatetezera mapuloteni a septin kuti asawonongeke

Selo la yisiti ya Saccharomyces cerevisiae likamagawikana, pakhosi pamene mphukira imalumikizana ndi selo lalikulu pamapangika mkombero wa mapuloteni otchedwa septin, omwe akuluakulu ake ndi Cdc3, Cdc10, Cdc11 ndi Cdc12. Majini awo (tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo opangira mapuloteniwa) anadziwika kudzera mu kafukufuku wa Leland Hartwell, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Ntchito yanga mu labotale yathu kuno ku Lusaka inali yokoka Cdc11 pogwiritsa ntchito antibody (puloteni yogwira Cdc11 yokhayo), kuti ndione anzake amene amamatirirana nayo. Koma pa gel, pomwe mapuloteni amasiyanitsidwa malinga ndi kukula kwawo, sipankaoneka mizere yomveka. Pankangokhala chimkwasa chotuwa chotsikira pansi, kusonyeza kuti mapuloteniwo anali ataduka zidutswazidutswa.

Gwero la vutoli linali kutentha. Pophwanya maselo ndi timikanda tagalasi, chubu chimafunda mpaka kumveka m'zala, ndipo ma protease (mapuloteni odula anzawo) otuluka mu vacuole, kathumba ka m'kati mwa selo, amayamba kudya mapuloteni nthawi yomweyo, makamaka mu Okutobala magetsi akazima ndipo chipinda chozizira chafunda. Choncho ndinayamba kugwedeza chubu kwa masekondi 30 okha, n'kuchiviika mu ayezi mphindi yathunthu ndisanabwerezenso. PMSF, yomwe imaletsa ena mwa ma protease kugwira ntchito, ndimaithira pamene ndikuyamba kuphwanya, chifukwa m'madzi imatha mphamvu msanga.

Chimene chinathandiza koposa, m'kuona kwanga, ndi yisiti yochotsedwa jini ya PEP4, popeza proteinase A, yomwe imapangidwa kuchokera ku jiniyi, ndiyo imadzutsa ma protease ena ambiri a mu vacuole. Tsopano pa gel Cdc3 imaoneka pamwamba, Cdc10 pansi, ndipo Cdc11 ndi Cdc12 zimakhala moyandikana pakati.