Momwe mungalembere nkhani yoyendetsedwa ndi mpangankhani

Za kope ndi cholembera sindichedwapo. Ndingonena kuti kope lachikuto cholimba lakwera mtengo, moti ine masiku ano ndimalemba pafoni n'kumadzitumizira pa WhatsApp kuti zisasowe.

Choyamba, pezani mpangankhani, munthu wa m'nkhani yanu, musanayambe kuganiza zochitika. Wanga ndinamuona pamsika wa Lunzu: mayi wogulitsa tomato amene ankamasula mfundo ya chitenje, kuwerenga ndalama, kumanga, kenaka n'kumasulanso pasanathe mphindi zisanu. Ndinamupatsa dzina loti Nachisale. Musakopere azakhali anu ndendende, adzadzizindikira, ndipo nkhaniyo idzakupezani pamaliro.

Chachiwiri, munthuyo afune kanthu. Apa ndi pomwe ndinagwa chagada, choncho mundilole ndichedwepo. Nachisale woyamba anali mayi wamasiye wabwino kwambiri. Achibale a mwamuna anamulanda malata, mwana anadwala, mvula inakokolola munda. Iye ankangolira ndi kupemphera, masamba 14 onse. Ndinapatsa mnzanga wophunzitsa Chichewa kusekondale kuti awerenge. Anafika tsamba lachisanu, n'kuika mapepala patebulo.

"Achimwene, mayiyu akufuna chiyani?"

Ndinati akufuna mtendere. Anaseka. Anati mtendere aliyense amaufuna, ngakhale mbuzi. Mavuto onsewo ndinkamugwetsera ndine, iye sanachitepo kanthu koti owerenga amutsatire.

Ndinang'amba zonse. Nachisale wachiwiri ndi msungichuma wa banki m'khonde. Mwana wake wamkazi akuyenera kulipira mayeso a MSCE, tsiku lomaliza layandikira, ndiye mayi atapa ndalama za gulu mwakachetechete, akudziuza kuti abweza tomato akatha. Tomato akugwa mtengo. Tsiku logawana ndalama likubwera. Kuchokera pamenepa sindinavutikenso kupeka zochitika: bodza loyamba linabala lachiwiri, ndipo tsatanetsatane wa nkhani anatuluka m'zosankha zake. Mfundo ya chitenje ija inapezanso ntchito, chifukwa tsopano tikudziwa chomwe akuwerengera.

Ndiye lembani ziganizo zitatu pamwamba pa tsamba: akufuna chiyani, akuopa chiyani, angachite choipa chanji kuti achipeze. Chachitatucho chikakukanikani, simunamudziwe munthu wanuyo.

Chachitatu, muikireni womutsekereza amene naye ali ndi zifukwa zomveka. Wanga ndi wapampando wa gulu, mnzake wapaubwana, amene akudikira gawo lake kuti agule feteleza. Mfiti kapena mayi womupeza wankhanza tawatopa nawo.

Chachinayi, zoyankhula muziwerenge mokweza. Mayi wa pamsika sayankhula ngati wowerenga nkhani pawailesi.

Pampondachimera, pachimake pa nkhani, pakhale pomwe mwininkhani akusankha yekha, kuulula kapena kunamizira wina. Ngozi ya minibasi isakuthetsereni nkhani.

Mukamaliza, isiyeni sabata ziwiri, muwerengenso, mudule tsamba loyamba. Nthawi zambiri nkhani imayambira pa lachiwiri.

Potaipitsa chenjerani. Malo ena ku Limbe ananditayira masamba atatu, fulashi n'kubwera ndi vayirasi, ndalama osabweza. Alinso ena pa Facebook olonjeza kukutsindikizirani buku mukatumiza kaye ndalama pafoni. Funsani kaye olemba anzanu a ku Malawi Writers Union ngati akuwadziwa. Nkhani yaifupi mutha kuyesa kutumiza ku nyuzipepala zokhala ndi masamba a Chichewa, koma muyambe mwaona kutalika kwa zomwe amatulutsa.