Mukagulitsa nyumba: zoti mukonze ndi zoti muulule

Choyamba, tengani kope muzungulire nyumba yanu ngati mlendo. Mpopi wodontha, loko wovuta, galasi losweka, soketi yopsa, zonsezi konzani, n'zotchipa. Penti pakani, koma ya m'zigubu zopanda chizindikiro ija isiyeni. Amathiramo madzi, mupaka katatu khoma likuonekabe. Matailosi atsopano musavutike nawo. Wogula adzaika ake, ndalama yanu sibwerera.

Kenako denga, ndipo apa ndi pamene ine ndinapsa. Siling'i ya kuchipinda chogona inali ndi banga la mvula. Mmisiri wina anandiuza kuti, "Bwana, tingopaka penti, nthawi ino ndi yadzuwa, aona ndani?" Unali mwezi wa September, ndinavomera. Wogula anapereka theka la ndalama, theka linalo tinagwirizana kuti amalize mapepala akatuluka. Mapepala anachedwa, mvula inayamba mu December, banga lija linabwerera, madzi mpaka pa matiresi. Bambowo anakwera m'denga ndi mmisiri wawo, anapeza malata awiri obooka ndi phaso lodyedwa ndi chiswe. Za chiswezo sindinkadziwa, koma munthu amene wabisa banga angamukhulupirire ndani? Anatsitsa mtengo wa nyumbayo ndi ndalama yoposa kanayi imene ndikanakonzera dengalo.

Ndiye kwerani m'denga nokha ndi tochi masana. Pomwe kuwala kukulowa, mvulanso imalowa pomwepo. Matabwa abayeni ndi sikuludiraiva, akafumbutuka ndiye kuti chiswe chinapitamo kale. Pogula malata yang'anani geji: 28 ndi wokhuthala kuposa 32, ndipo ena amakupatsani 32 pa mtengo wa 28 mukangotembenuka.

Zimene simungathe kukonza, monga mng'alu wochokera ku maziko, thanki ya chimbudzi yosefukira m'dzinja kapena mkangano wa malire ndi oyandikana nawo, zilembeni papepala, wogula asainire kuti waziona, mtengo muutsitse moyenera. Ngati akugula ndi ngongole ya kubanki, kubwera katswiri wowerengera mtengo wa nyumba, ndipo ameneyo pulasitala watsopano pakhoma lakale amamuzindikira ali pageti. Ngati chikalata cha umwini chili kubanki ngati chikole, kapena nyumbayo ndi ya masiye ndipo abale ena ali ndi gawo, nenani tsiku loyamba.

Mabilu malizani: a ESCOM, a madzi, misonkho ya kukhonsolo, ndi lendi ya malo ku unduna wa zamalo ngati malowo ndi a lizi. Malisiti sungani.

Zotsalazo ndi za loya: mgwirizano, chilolezo chosinthira umwini, za ku MRA. Madobadoba a nyumba alembereni gawo lawo papepala musanayambe, apo ayi abwera atatu, aliyense ati wogulayo anamupeza ndi iye. Makiyi perekani ndalama yonse ikalowa mu akaunti.