Sirapu ya cetirizine ya ana: pepala la m'bokosi m'Cinyanja

Azimai a m'cilimba cathu kuno ku Rosettenville mu Johannesburg ndiwo anandipempha kuti ndiike pepala ili m'Cinyanja. Akuti malemba a m'bokosi ndi ting'onoting'ono, mbali ina Cizungu mbali ina Afrikaans, ndipo mwana akamadzikanda pakati pa usiku mtima wowerenga zonsezo sukhalapo. Ndatenga la sirapu ya cetirizine, mankhwala a ziwengo, ija yolembedwa 1 mg/ml kapena 5 mg/5 ml pabotolo. Mudzaipeza ku Clicks, ku Dis-Chem ndi m'makemisiti ena, ndi maina monga Zyrtec ndi Texa. Zodziwikiratu ndalumpha. Pamene ndaikapo mau angaanga mudzaona nokha. Ine ndine womasulira cabe amene walera ana atatu, conco ngati dokota wakulemberani mlingo wosiyana ndi uli pano, tsatirani wa dokota.

Mau awiri amene anandivuta

Loyamba ndi allergy. Ife tili nalo liu lathu, ziwengo. Timati kapenta wamuwenga, nkhumba imamuwenga. Koma tikamva ziwengo, ambiri timaganiza zotupa za pakhungu cabe, zija zimatuluka ngati mwana wakwapulidwa ndi citedze n'kuzimiririka mawa lake. Pepala likambanso za ziwengo za m'mphuno ndi m'maso, zimene kwathu timangoti cimfine cosatha. M'munsimu ndikati ziwengo, nditanthauza zonse ziwiri.

Laciwiri ndi antihistamine. Ili liribe mnzake m'Cinyanja, ndipo sindinafune kupeka liu limene wa ku kemisiti sangalimve. Nkhani yake ili tere. Thupi la mwana wowengedwa limaona cinthu cosalakwa, monga mungu wa udzu, fumbi la m'matiresi kapena ubweya wa pusi, ngati mdani. Pomenyana naco limatulutsa cinthu cochedwa histamine. Histamine ameneyu ndiye amatanula timitsempha ta magazi kuti tiziwukha madzi, ndiye khungu litupa, mphuno icuca, maso afiira ndi kuyabwa. Mankhwalawa amakhala pamalo pamene histamine akanakhala, iye asowe pogwira. Sacotsa ciwengo m'thupi. Mukasiya kumwetsa mungu ukadali mumphepo, kuyetsemula kubwerera.

Nchito yake

Mankhwalawa amagwiritsidwa nchito pocepetsa zizindikiro za ziwengo za m'mphuno ndi m'maso, za panyengo ndi za caka conse, ndiponso kutupa ndi kuyabwa kwa ziwengo za pakhungu, kwa akulu ndi ana a zaka 2 kupita m'mwamba.

Pepala lalekera pomwepo. Koma ambiri munabwera ndi ana amene ku Lusaka kapena ku Chipata sanali kuvuta, ndipo afika kuno caka cimodzi, ziwiri, ayamba kuyetsemula m'mawa uliwonse. Johannesburg ili pamtunda wa udzu, ndipo mungu wa udzu umauluka miyezi yambiri, kuyambira mvula ikayamba mpaka dzinja litatha. Usanafike wa udzu, ca mu Sepitembala, pamakhala wa mitengo ya plane imene yadzaza m'misewu ya m'mayadi akale. Anthu amanamizira jacaranda cifukwa ndi amene aoneka ndi maso mu Okutobala, koma mungu wake umanyamulidwa kwambiri ndi njuci, si mphepo, ndipo jacaranda ku Lusaka aliko. Palinso mphepo ya Ogasiti imene imatenga fumbi la pa zulu za migodi n'kulilowetsa m'nyumba, ndi utsi wa mahita a palafini mu Juni. Fumbi ndi utsi zimapweteka mphuno ya mwana aliyense, wowengedwa ndi wosawengedwa yemwe, ndipo pamenepo sirapu ingathandize pang'ono kapena osathandiza n'komwe.

Mudzasiyanitsa bwanji ndi cimfine? Wa ziwengo thupi silitentha. Mamina ake ndi amadzimadzi, oyera. Amayetsemula kasanu, kasanu n'kamodzi motsatizana, maso amawatikita, mphuno amaikankhira m'mwamba ndi cikhatho, ndipo zimatenga masabata iye akudya ndi kusewera bwinobwino. Wa cimfine amafooka, ndipo pakatha sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono cimapita cokha. Sirapu iyi sicotsa cimfine. Ndipo mwana akatentha thupi mutangobwera kumene kucokera ku Zambia, iwalani za botolo ili, pitani ku kiliniki tsiku lomwelo mukanene nokha kuti munali kumudzi, amupime malungo. Mu Johannesburg malungo safala, conco anamwino sangawaganizire msanga ngati inu simunachule za ulendo.

Kuyabwa kwinanso si ziwengo. Ngati m'nyumba monse mukudzikanda usiku, makamaka pakati pa zala, mwina ndi mphere, ndipo ifuna mankhwala odzola. Ngati totupa tandandalika pamzere m'mawa, unikani m'mphepete mwa matiresi, nsikidzi za m'mafulati ena a mu tauni sizimva sirapu.

Musapatse mwana mankhwalawa ngati

Sanakwanitse zaka 2, pokhapokha dokota atalamula. Anawengedwapo ndi cetirizine, hydroxyzine kapena cina ciliconse ca m'sirapuyi. Ali ndi matenda aakulu a impso, cifukwa impso ndizo zimacotsa mankhwalawa m'thupi.

Funsani dokota kapena wa ku kemisiti musanayambe ngati mwana amagwa khunyu, amavutika kukodza, kapena anakuuzani kucipatala kuti thupi lake siligaya shuga wa fructose, popeza masirapu ambiri ali ndi sorbitol, cotsekemeretsa cimene thupi limacisandutsa fructose. Ngati mwana akupita kukapimidwa ziwengo pakhungu, lekani kumumwetsa masiku atatu lisanafike tsikulo, kapena monga a kucipatala akuuzirani, apo ayi zotsatira zidzanama.

Mlingo

Zaka 2 mpaka 6: 2,5 ml kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo.
Zaka 6 mpaka 12: 5 ml kawiri patsiku.
Kupitirira zaka 12: 10 ml kamodzi patsiku, kapena pilisi limodzi la 10 mg.

Mapepala ena amalola kupatsa mlingo wa tsiku lonse kamodzi. Kaya kamodzi kaya kawiri, wa zaka 2 mpaka 6 asapitirire 5 ml patsiku, wopitirira pamenepo 10 ml. Angamwe atadya kapena asanadye. Mukaiwala, mupatseni mukakumbukira, koma ngati nthawi ya mlingo wina yayandikira, ingodikirani. Musaphatikize iwiri.

Onani bwino ka 2,5 kaja. Kuno ku South Africa amalemba ka comma (,) pamene ife kusukulu tinaphunzira kuika kadontho. Ndi ziwiri ndi hafu. Si 25, ndipo si kuti musankhe pakati pa 2 ndi 5. Ndinamvapo mai wina akuwerenga conco pafoni, ndipo ndi cifukwa cake ndasiya ka comma mmene kalili pabotolo kuti maso azolowere.

Za supuni ndikambepo pang'ono. Tsiku lina ndinapeza mlamu wanga akumwetsa mwana ndi kasupuni ka shuga. Ndinati, "Mlamu, tabweretsani tonse tuli m'kabati." Anabweretsa tutatu, tinadzaza madzi, ndipo ndinakoka ndi sirinji kamodzikamodzi. Kena sikanafike 4 ml, kena kanapitirira 6 ml. Anaseka, koma kuyambira tsiku limenelo sirinji imakhala yomangiriridwa kubotolo ndi kalabala. Sirinji yomwetsera ilibe singano, ndi yochipa, ndipo ku kemisiti mukapempha adzakuonetsani mzere wake. Ikani kumbali kwa tsaya, kankhani pang'onopang'ono mwana atakhala tsonga. Mukamwetsa ndi nyali yozima cifukwa magetsi apita, yatsani toci ya pafoni, mizere ija ndi yaing'ono.

Werenganinso mphamvu pabotolo lililonse latsopano. Kuli cetirizine wina wa madontho amene ali ndi 10 mg pa 1 ml, mphamvu kakhumi kuposa sirapu. Wacibale akakubweretserani wotere, manambala a pamwambawa sagwira nchito.

Kumwa pamodzi ndi mankhwala ena

Pepala likuti uzani dokota kapena wa ku kemisiti za mankhwala ena alionse amene mwana akumwa, makamaka ogonetsa. Mau ocepa, koma apa ndi pamene ife timagwera.

Kwathu tinakula ndi Piriton. Mwana akadzikanda, Piriton. Akakana kugona, Piriton. Dzina lake lenileni ndi chlorpheniramine, ndipo kuno mankhwala omwewo ali m'bokosi lolembedwa Allergex. Ukapatsa mwana Piriton ndi Allergex, wamupatsa cinthu cimodzi kawiri. Cosokoneza cina, Allergex Non Drowsy ndi mankhwala ena, loratadine. Masirapu ambiri a cimfine ndi cifuwa nawonso ali ndi antihistamine m'kati. Conco musamawerenge dzina lalikulu la pamwamba cabe, werengani laling'ono la m'munsi mwake, ndipo mwana amwe antihistamine mmodzi yekha pa nthawi.

Chlorpheniramine ndi wa mtundu wakale umene umalowa mu ubongo, ndiye cifukwa cake amagonetsa. Cetirizine anabwera m'ma 1980, ndipo amalowako pang'ono. Apongozi anga atatsika basi ku Park Station caka cina anali ndi kabotolo ka Piriton m'cikwama. Usiku umenewo mwana wanga wa zaka zinai, amene ndinali nditamumwetsa kale sirapu yake, anayamba kudumpha pabedi, kulira, kuseka, nkhope itafiira, mpaka 2 koloko. Ndinafunsa, "Amai, mwamupatsako ciliconse?" Anati, "Ka Piriton cabe, mwanawe, kuti agoneko." Sanalakwe dala, anaticita tonse conco tili ana. Koma ana ena mankhwala akalewa m'malo mowagoneka amawapengetsa, ndipo amene agona amadzuka mutu wolemera, kusukulu akungosinza. Si mankhwala a tulo, ngakhale paulendo wa basi wopita ku Lusaka. Promethazine, amene ambiri mumamudziwa kuti Phenergan, ndiye woopsa kwambiri: mwana wosakwana zaka 2 angaleke kupuma.

Amene mumasiya ana ku kireshi, funsani ngati amawamwetsa ciliconse masana, ndipo muwauze kuti wanu amwa kale kunyumba.

Zimene sirapu iyi singathe

Pepala laika nkhani iyi pansi penipeni m'malemba ang'ono. Ine ndaikweza.

Mwana wadya phala la nshawa, cikanda, ndiwo zotendera, dzira kapena nsomba, kapena walumidwa ndi njuci. Pakapita mphindi zocepa milomo, lilime kapena zikope zatupa, mau asasa, akupuma mokoka kapena molira ngati kapito, akusanza, watuwa, walefuka. Apa musathamangire botolo kuti muone ngati zicepa. Sirapu imatenga nthawi yofika ola kuti igwire bwino, ndipo ngakhale itagwira siitsegula kukhosi. Cofunika ndi jekeseni ya adrenaline. Ngati dokota anakupatsani kale yonyamula, monga EpiPen, bayani pa ncafu nthawi yomweyo. Imbani 10177, kapena 112 pafoni ya m'manja. Mwana agone cagada, kapena akhale tsonga ngati kupuma kukuvuta, koma asaime kapena kuyenda. Ngati galimoto ili pafupi, pitani ku casualty ya cipatala ciliconse capafupi, kaya Rahima Moosa ku Coronationville, Charlotte Maxeke ku Parktown kapena Baragwanath ku Soweto. Ndidziwa ena mumaopa za mapepala. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amati munthu asakanizidwe cithandizo ca mwadzidzidzi, ndipo akuti munthu, sakuti nzika.

Mphumu nayonso sicepa ndi sirapu iyi. Mwana wa mphumu apitirize pampu yake.

Zovuta zimene zingabwere

Monga mankhwala onse, awa angabweretse zovuta, ngakhale si kwa onse. Zofala ndi kusinza, kutopa, mutu, kuuma m'kamwa, kupweteka m'mimba, ndipo kwa ana ang'ono kutsegula m'mimba. Zosowa ndi kusakhazikika, kugunda mtima mofulumira, kuvutika kukodza ndi kukomoka. Zikacitika izi zosowazi, lekani kumwetsa ndipo onanani ndi dokota. Ena amene amwa kwa miyezi yambiri amamva kuyabwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi.

Masiku oyamba muyang'aneni. Akamasinza masana, funsani ku kemisiti ngati angamwe madzulo cabe, kapena asinthe apite pa loratadine. Pakapita masiku angapo osasintha, kapena ngati botolo likutha mwezi ndi mwezi, mutengereni ku kiliniki ndi kabuku kake ka Road to Health, kaja kalowa m'malo mwa kadi ya ku sikelo. Ziwengo za m'mphuno zokhalitsa nthawi zambiri zimamva mankhwala opopera m'mphuno kuposa sirapu.

Akamwa wopitirira

Sirapuyi ndi yotsekemera, ndipo mwana akaipeza yekha amaipapira. Angayambe ndi kusakhazikika kenako n'kugona kwambiri. Musamusanzitse, musamupatse mkaka kapena madzi a mcere. Imbani Poisons Information Helpline pa 0861 555 777, amayankha usana ndi usiku. Botolo likhale m'manja, adzafunsa dzina la mankhwala, zaka za mwana, kulemera kwake, ndi mmene latsalira.

Kasungidwe

Sungani pamalo osapitirira madigiri 25, botolo lotseka bwino, patali ndi ana. Musagwiritse nchito tsiku lolembedwa EXP litapita. Otsala kapena otha nchito bwezani ku kemisiti, musathire m'sinki kapena m'cimbudzi.

Amene mukhala m'cipinda cimodzi, pawindo ndi pamwamba pa firiji si malo abwino, pamatentha. Cikwama ca m'manja naconso ana amacipekesa. Ine ndimaika m'cikopo ca bisiketi pamwamba pa wadirobu. Mukamatumiza botolo kumudzi, litumizeni m'bokosi lake pamodzi ndi pepala ndi sirinji, ndipo lembani pabokosipo ndi bolopeni dzina la mwana ndi mlingo wake, cifukwa likafika kumeneko lidzayendera ana onse a pamudzi, ndi wa miyezi isanu yemwe.