Kugula galimoto osapsa ndi misonkho, malamulo ndi kugwa kwa ndalama

Munthu akaona mtengo wa galimoto pa intaneti amangoti eee yatchipa iyi, osadziwa kuti nkhani yangoyamba kumene. Galimoto imodzi injini imapangidwa dziko lina, giyabokosi kwina, mawaya kwinanso, ndiye paliponse yadutsa malire boma limanyambitako, ndipo wolipira pomaliza ndi inu ogula.

Yambani ndi dyute, msonkho wolowetsera katundu m'dziko. Osamangofunsa mnzanu amene anaitanitsa chaka chatha ayi, mitengo imeneyi imasintha ndi bajeti, onani pa webusayiti ya bungwe lotolera misonkho m'dziko lanu kapena funsani ejenti wa kasitomu wovomerezeka. Maiko ambiri dyute amawerengera pa CIF, ndiye kuti mtengo wa galimoto kuphatikiza inshulansi ndi ndalama ya sitima, kenako ena amaikapo msonkho wina wapadera wotchedwa excise, kenako VAT, ndipo VAT yo kawirikawiri imagwira ndalama yonse ndi dyute yemwe, msonkho pamwamba pa msonkho unzake. Kukula kwa injini ndi zaka za galimoto zimasinthanso ndalamayi. China chomwe anthu amadzidzimuka nacho ndi choti a kasitomu atha kukana invoisi yanu n'kuika mtengo wawo akaona kuti mwalemba wochepa kwambiri, ndiye zoti wogulitsa akuchepetsereni papepala zija musadalire, mukhoza kulipira ndi chindapusa chomwe.

Kenako muzitsatira nkhani, ngakhale za maiko akutali. Mu Epulo 2025 America inaika msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto ochokera kunja. European Union nayo mu Okutobala 2024 inawonjezera msonkho pa magalimoto amagetsi opangidwa ku China, a kampani ya BYD 17 peresenti, a kampani ya SAIC 35.3, pamwamba pa 10 peresenti yomwe inalipo kale. Mwina mukuti ine ndikufuna ya sekondi handi sizikundikhudza, zikukukhudzani ndithu. Zatsopano zikadula anthu amathawira ku zakale ndiye zakalezo zimakwera, ngakhale opanga a m'dziko momwemo amapezerapo mpata wokweza poti mpikisano wachepa. Tinazionera mu 2021 pamene ma chip, tizipangizo ta kompyuta ta m'galimoto, anasowa, mafakitale anaimitsa ntchito, galimoto zakale zinadula moti kwina yoyenda kale inkatsala pang'ono kufanana mtengo ndi yatsopano. Ndiye mukamva kuti msonkho wakwera, mufunseni wogulitsa kuti galimoto ili pa yadiyo inalowa liti. Ngati inalowa msonkho usanakwere palibe chifukwa choti akulipiritseni mtengo watsopano, nenererani popanda manyazi.

Za malamulo apa ndiye samalani, chifukwa msonkho umangokupwetekani m'thumba koma lamulo limatha kukulanditsani galimoto yonse. Kenya salola galimoto yopitirira zaka 8 kulowa, ndipo maiko ena amakana galimoto ya chiwongolero cha mbali ina. Onani chaka chomwe inapangidwa ndi chomwe inalembetsedwa koyamba, sizifanana nthawi zonse, komanso werengerani masabata a pa sitima, mukagula ili m'malire mwenimweni chaka chitha kutembenuka ili pamadzi. Palinso za utsi. Ku London dizilo yosafika pa Euro 6, mulingo wa utsi wa ku Ulaya, imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse ikayenda mu ULEZ, dera lomwe amaletsamo utsi wambiri. Malamulo ngati amenewa ndi amene amakankhira madizilo akale ku misika ina pa mtengo wokoma, musanagule yotere dzifunseni ngati mudzaigulitsenso mosavuta kwanuko lamulo likadzasintha.

Ndalama nayo siikhazikika. Ngati mukulipira mu dola kapena yen, dyute adzawerengera pa reti yosinthira ndalama ya nthawi yomwe galimoto ikuomboledwa osati ya tsiku munatumiza ndalama, ndiye siyani kena kake pambali, ine ndimati osachepera gawo limodzi mwa magawo khumi, chifukwa galimoto ikakhala pa doko mukusakasaka ndalama sitoreji imawerenga tsiku ndi tsiku osakumverani chisoni. Ya ngongole musamangoyang'ana ya pamwezi, chulukitsani ndi miyezi yonse muone chomwe mudzalipire, ndipo funsani ngati chiwongola dzanja chili chokhazikika kapena chimakwera banki yaikulu ikakweza chake.

Musanasainire chilichonse pitani kwa makanika wanu ndi dzina la modeloyo ndi nambala ya chasisi, akuuzeni mtengo wa mabuleki padi, shoko, nyale yakutsogolo, ndipo ngati ndi hayibiridi, yoyendera mafuta ndi magetsi, funsani za batire. Masipeya nawo amalipira dyute. Akangoyamba kukanda m'mutu n'kumati izi mpaka tiitanitse, yang'anani modelo ina.