Mmene mungaonere mafilimu ochokera m'mabuku akale achikondi a ku England

Ambiri mwa ife Amalawi okhala mu Johannesburg timafika pakhomo usiku titatopa ndi ntchito komanso mizere ya matekisi, ndipo mpata wokhala pansi ndi buku lalikulu supezeka kawirikawiri. N'chifukwa chake ena nkhani za Jane Austen ndi anzake amazidziwira pa kanema. Palibe cholakwika pamenepo, koma pali kaonedwe kamene kamathandiza munthu kumva chimene nkhanizi zikunena, kusiyana ndi kungosirira madiresi ndi nyumba zikuluzikulu.

Yambani ndi Pride and Prejudice, buku la Jane Austen limene linatuluka mu 1813, ndipo musankhe sewero la BBC la 1995 la zigawo zisanu ndi chimodzi, mmene Jennifer Ehle ndi Elizabeth ndipo Colin Firth ndi Darcy. Chigawo chilichonse sichikwana ola, choncho mukhoza kuonera chimodzi usiku uliwonse. Ngati mukuonera pa foni, chitengereni pamene pali wifi kuti data isakuthereni ndiponso kuti kuzima kwa magetsi kusakudukizeni pakati. Muyatsenso mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi, chifukwa Chingerezi cha nthawi imeneyo n'chozungulira, ndipo munthu amatha kunyoza mnzake kwinaku akumugwadira mwaulemu.

Chofunika kuposa zonse n'chakuti muzitsata ndalama ndi malo. Bambo Bennet ali ndi ana aakazi asanu, alibe mwana wamwamuna, ndipo akadzamwalira nyumba ya Longbourn idzapita kwa wachibale wamwamuna, a Collins. Kwa ife amene tinakulira kumene malo amatsata kuchikazi ndipo mkamwini ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, zimenezi n'zotembenuka ndithu, koma mukazimvetsa mudzaona kuti mayi Bennet si wopusa monga mafilimu ena amawaonetsera. Phokoso lawo lonse likuchokera pa mantha akuti ana awo adzasowa pogona. Darcy amapeza mapaundi 10,000 pa chaka pamene bambo Bennet amapeza 2,000, motero Elizabeth, mwana wachiwiri wa a Bennet, akamukana, akukana chinthu chimene chikanapulumutsa banja lake lonse. Muonetsetsenso Charlotte Lucas, wa zaka 27, amene akulola kukwatiwa ndi a Collins popanda chikondi. Filimu imene ikumuchitira chifundo Charlotte ndiyo yamvetsa bukuli, ndipo ine muyezo wanga ndi umenewo.

Mukamaliza zigawozo, werengani mitu 34, 35 ndi 36 ya bukulo, limene likupezeka kwaulere pa intaneti, pa tsamba la Project Gutenberg. M'mitu imeneyi Darcy akufunsira mbeta modzikuza, akukanidwa, akulemba kalata, ndipo Elizabeth akuiwerenga mobwerezabwereza mpaka kuzindikira kuti Wickham, msilikali amene anamuuza zoipa za Darcy, anamunamiza. Pambuyo pake muonere filimu ya 2005 ya Joe Wright, ya Keira Knightley ndi Matthew Macfadyen. Mudzapeza kuti kufunsirako akuchitira panja mvula ikugwa, pamene m'buku zikuchitikira m'nyumba ya a Collins. Musafulumire kudandaula, pakuti ngakhale chithunzi chotchuka cha 1995, Darcy akuchokera kosambira malaya ali chinyowere, mulibe m'buku. Kuwonjezera si mlandu. Chimene chimandivuta pa filimu ya 2005 n'chakuti pothamangira kumaliza m'maola awiri, nkhani ya Wickham aichepetsa kwambiri, ndipo kusintha mtima kwa Elizabeth kukuoneka ngati kwadza chifukwa cha kukongola kwa Pemberley, nyumba ya Darcy. Zithunzi zake n'zokongola zedi, koma ikhale yachiwiri kuionera, osati yoyamba.

Kuchoka apo pitani pa Sense and Sensibility ya 1995, imene anatsogolera Ang Lee, ndipo Emma Thompson analandira mphotho ya Oscar chifukwa cha kalembedwe kake. Mumvetsere bwino poyambirira, pamene mkazi wa John Dashwood akumunyengerera mwamuna wake pang'onopang'ono mpaka thandizo limene analonjeza bambo ake kuti adzapereka kwa mayi ake omupeza, amene atsala wamasiye, ndi ana awo litatheratu. Pa Persuasion, sankhani ya 1995 ya Amanda Root ndi Ciarán Hinds. Ya 2022 ikumuyankhulitsa Anne Elliot kwa oonera mwanthabwala, pamene mphamvu ya mkaziyu m'buku ili pa kupirira kwake mwakachetechete kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Jane Eyre ya Charlotte Brontë, ya 1847, muyambe ndi ya BBC ya 2006 ya zigawo zinayi, chifukwa filimu ya 2011 ikuyambira pakati, Jane akuthawa ku Thornfield, nyumba imene ankagwirako ntchito, ndipo wosadziwa nkhaniyo akhoza kusokonezeka. Wuthering Heights ya Emily Brontë muisiye komalizira, ndipo musaionere ndi ana poganiza kuti ndi nkhani yokoma ya chikondi, pakuti muli nkhanza ndi kubwezera. Filimu ya 1939 ya Laurence Olivier inasiya mbali yonse yokhudza mwana wa Catherine ndi mwana wa Heathcliff, choncho mukaionera mufunefune bukulo kuti muwerenge theka lachiwiri.