Momwe mungasankhire mawu a Chingerezi a kuyang'anira ndi kugawa polemba CV kapena lipoti

Ife timangoti "ndinkayang'anira" basi, kaya ndi anthu, kaya ndi ndalama, kaya ndi nkhokwe ya chimanga, aliyense amamva. Timatinso "ndinagawa" kaya ndi mankhwala kaya ndi makuponi. Koma mukamalemba CV kapena lipoti la kuntchito m'Chingerezi, mawu awiriwa amasweka n'kukhala ambirimbiri, ndipo amene amawerenga ma CV aja amadziwa msanga kuti uyu wangotola liwu. Ine ndakhala ndikulemba malipoti a mapulojekiti a kumudzi kwa zaka ndithu, ndiye njira yomwe ndimatsata ndi iyi.

Choyamba lembani kaye m'Chichewa zomwe munkachita tsiku ndi tsiku, papepala, musanatsegule kompyuta. Kenako pa ntchito iliyonse dzifunseni zinthu ziwiri: chinali m'manja mwanu n'chiyani, anthu, ndalama kapena katundu? Nanga mphamvu yopanga chiganizo inali ndi inu kapena ndi bwana wina? Mukayankha zimenezi liwu limabwera lokha.

Chachiwiri, mawu a kuyang'anira. Manage ndi la munthu amene zonse zinali pamutu pake, bajeti, antchito, mapulani, ndipo zikalakwika amafunsidwa ndi iyeyo. Supervise ndi kuyang'anira anthu pafupi, mulipo pomwepo mukuona mmene akugwirira, monga folomani ndi amisiri ake pa chimango. Oversee ndi kuyang'anira muli chapatali, pansi panu pali ena amene akuyendetsa ntchito ndipo inu mukungoonetsetsa kuti zikuyenda bwino. Monitor ndi kulondoloza ndi kulemba zomwe mwaona, mphamvu yolamula mulibe. Coordinate ndi kulumikizitsa magulu omwe sali pansi panu, mwachitsanzo mafumu, alangizi ndi komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC). Ngati inali golosale kapena chigayo chanu, run likukwana, "I ran a maize mill", musaope kuti ndi liwu lalifupi.

Apa pali misampha iwiri. "I managed the shop" ndi "I managed to open the shop" si zofanana ayi, yachiwiriyo ikutanthauza kuti munakwanitsa koma movutikira, ndiye mu lipoti zimamveka ngati zinangotsala pang'ono kukanika. Winawo ndi overlook, ambiri amaliyesa m'bale wake wa oversee pomwe limatanthauza kuphonya chinthu, kusachiona. Mukalemba "I overlooked the accounts" mwadzinenera nokha kuti mabuku a ndalama simunawayang'ane.

Administer ndi liwu la pakati, limagwira mbali zonse ziwiri. Kumbali ya kuyendetsa, limafuna chinthu chokhala ndi malamulo ake: MANEB imachita administer mayeso a MSCE, ofesi ya Administrator General imayendetsa chuma cha masiye, thumba la ngongole nalonso mungalichite administer. Kumbali ya kupereka, limayenda ndi mankhwala, katemera, chithandizo choyamba ndi lumbiro, ndiye mlangizi wa zaumoyo (HSA) akamabaya ana katemera ndi "administered vaccines", Chief Justice akamalumbiritsa Pulezidenti ndi "administered the oath". Koma chimanga, mabulangete kapena anthu olandira thandizo, amenewo simungawachite administer.

Tsopano chachitatu, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna mudekhe, mawu a kugawa. Allocate, disburse ndi distribute ndi masitepe atatu osiyana a ntchito imodzi. Allocate ndi kugawa papepala, mwagwirizana kuti mudzi uwu ulandira matumba akuti, uwo akuti, koma palibe thumba lomwe lasuntha, onse akadali m'nkhokwe. Disburse ndi ndalama zokha, ndipo ndi pamene zatulukadi mu akaunti kupita kwa mwini wake, monga ndalama za Mtukula Pakhomo kapena ngongole za ophunzira a ku yunivesite. Distribute ndi pamene katundu wafika m'manja mwa anthu ambiri, alandira, asaina kapena adinda chala.

Ine zinandivuta mu 2023 namondwe wa Freddy atadutsa. Tinkathandiza nawo m'makampu ena kuchigawo cha kummwera, ndipo mu lipoti la mwezi munalembedwa kuti ufa ndi nyemba zinali "distributed" ku makampu onse, pomwe kwina galimoto inali isanafike chifukwa mlatho unali utakokoloka, katundu wawo anali atangopatulidwa, ali "allocated" basi. Patapita nthawi kunabwera owerengera ndalama, iwo anangotenga liwu lija n'kunena kuti tioneni mapepala omwe anthu anasaina polandira. Mapepala a masiku amenewo panalibe, poti anthuwo analandira mochedwa, mwezi wotsatira. Palibe chomwe chinasowa, thumba lililonse linafika, koma kufotokoza kunali kowawa, kufufuza ma delivery note, kuyimbira mafumu, kulemba kalata yolongosola, ndipo mnyamata wosunga katundu anakhala masabata akuonedwa ngati wakuba pa nkhani yomwe sanalakwe. Chiyambire pamenepo ndisanalembe distributed ndimayamba ndaona mndandanda wosainidwa uli patebulo. Ngati palibe ndimalemba allocated, kapena dispatched ngati galimoto yanyamuka koma sinatsitse, kapena delivered ngati yatsitsa pa senta koma anthu sanalandire. Zikuoneka ngati zazing'ono koma m'malipoti a thandizo liwu lililonse limafuna pepala lake kumbuyo.

Ena otsalawo savuta kwambiri. Dispense ndi wa ku famase akamapereka mankhwala pawindo, kusiyana ndi administer ndi koti iye akukupatsani mukamwere kunyumba pomwe namwino akukumwetsani kapena kukubayani yekha. Issue ndi zinthu zotuluka mu ofesi ndi chidindo kapena siginecha, chiphaso cha unzika cha ku NRB, pasipoti, laisensi, lisiti, ngakhale katundu wotuluka ku stores. Hand out ndi la pakamwa, mu CV lisiyeni, ndipo dole out limamveka monyoza ngati mukupereka monyinyirika. Share nalo samalani, timalikonda chifukwa cha kugawira kwathu kuja, koma "I shared them maize" si Chingerezi cholondola, komanso share nthawi zambiri imamveka ngati nanunso munatengako gawo, zomwe simufuna bwana aganize.

Pang'ono za olemba ma CV m'tauni muja, pa ma stationery ndi ena otsatsa pa WhatsApp ndi Facebook. Alipo abwino, koma ambiri ali ndi CV imodzi pa kompyuta amangosintha dzina, mulipira masauzande angapo n'kutuluka ndi "managed, coordinated and facilitated" pa mzere uliwonse ngakhale munali wogulitsa mu shopu. Pa intavyu akakufunsani kuti bajeti yomwe munkachita manage inali ya ndalama zingati mumangoti kakasi. Bola mulembe nokha, kwa iwo mukangolipira kutayipa ndi kupulinta. Dikishonale simukufunika kugula, ya Cambridge ndi ya Oxford Learner's zili pa intaneti mwaulere, bandulo ya tsiku limodzi ikukwana, ndipo muziwerenga ziganizo za zitsanzo osati tanthauzo lokha.

Chachinayi, timawu tolumikizira. Distribute to kapena among, allocate to, responsible for ntchito koma responsible to bwana, in charge of osati "in charge for". Oversee ya kale ndi oversaw, "overseed" kulibe. Ntchito yomwe munasiya ilembeni ndi mneni wa kale, yomwe mukugwira pano wa tsopano.

Chomaliza, ikani nambala yeniyeni pambali pa mneni, anthu angati, matumba angati, kwa miyezi ingati, kenako mupatseni munthu amene munkagwira naye ntchito awerenge akuuzeni ngati ndi zomwe munkachitadi, mukatero sevani ngati PDF n'kutumiza.